Kodi oimba piyano a ku Paris ankangokopera bebop ya ku America?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu owerenga tsamba lino, mnyamata amene amaimba kiyibodi pa tchalitchi china ku Zomba. Akuti akufufuza nyimbo za piyano pa YouTube anagwera pa chimbale chakale cha ku Paris cha anthu atatu okha, wa piyano, wa besi ndi wa ng'oma. Analemba kuti: "Zala za munthuyu zikuthamanga koopsa ndipo zikundikoma, koma sindikumva pamene nyimbo ikuyambira ndi pamene ikuthera. Mnzanga wandiuza kuti imeneyi ndi bebop, ndipo akuti ndisataye nthawi ndi a ku France chifukwa ankangokopera anthu akuda a ku America. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, mnzanuyo sananame, koma wakuuzani theka lokha la nkhani. N'zoona kuti bebop, mtundu wa jazi wothamanga kwambiri, si ya ku France. Inabadwira ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, m'malo ngati Minton's Playhouse ku Harlem, ndipo eni ake ndi Charlie Parker, Dizzy Gillespie, Thelonious Monk, Kenny Clarke ndi Bud Powell. Pamenepo palibe mkangano. Koma mawu akuti "kukopera" akubisa chinthu chimene chinachitika ku Paris, chimene kwa ine ndicho chokoma pa nkhani yonseyi: anyamata a kumeneko sanaphunzire maimbidwewa pa zimbale zokha, anakhala pa siteji imodzi ndi eni akewo, usiku ndi usiku, kwa zaka zambiri.

Nthawi imene bebop inkaphuka, dziko la France linali m'manja mwa asilikali a Germany, kuyambira 1940 mpaka 1944, ndipo zimbale zatsopano za ku America sizinkafika. Nkhondo itatha, zimbale za Gillespie ndi Parker zinangofika mwadzidzidzi ndipo zinagawanitsa anthu. Bungwe la okonda jazi la Hot Club de France, lomwe linakhazikitsidwa mu 1932, linang'ambika pakati mu 1947. Hugues Panassié ankati bebop si jazi konse, pamene Charles Delaunay, amene ankayendetsa magazini ya Jazz Hot, anaima mbali ya achinyamata. Mu February 1948 gulu lalikulu la Gillespie linaimba mu holo ya Salle Pleyel, ndipo mu May 1949 holo yomweyo inalandira Charlie Parker ndi Miles Davis. Kuchokera pamenepo, mwana aliyense wa ku Paris amene anali ndi piyano kunyumba anadziwa kumene mphepo ikulowera.

Malo amene maimbidwewa anakhazikika anali timakalabu ta pansi pa nyumba, m'zipinda zamiyala zomwe kale ankasungiramo vinyo ndi katundu, makamaka m'dera la Saint-Germain-des-Prés. Club Saint-Germain, ya mu msewu wa Saint-Benoît, ndiyo inatchuka kwambiri, ndipo m'madera ena a mzindawo munalinso makalabu a Le Chat qui Pêche ndi Blue Note ya ku Paris. Chipinda choterocho sichingakwane gulu la anthu khumi ndi asanu, ndipo mwini kalabu sangathe kulipira anthu ochuluka chotero. Choncho chimene chinkakhalapo tsiku lililonse ndi anthu atatu aja. Woimba saxophone kapena lipenga wochokera ku America ankabwera yekha ndi chida chake m'manja, n'kupeza atatuwo akumudikira. Ndiye chifukwa chake bebop ya ku France inakula kwambiri m'manja mwa oimba piyano. Iwowa ndiwo ankalandira mlendo aliyense, ndipo ankayenera kudziwa nyimbo iliyonse imene mlendoyo angatchule, mu kiyi iliyonse, pa liwiro lililonse.

Ndisanafike pa mayina, ndiyankhe dandaulo lanu loti simukumva mutu ndi mchira wa nyimbo, chifukwa popanda zimenezi mayinawo sakuthandizani.

Siyani kaye kumvera piyano. Ndikudziwa kuti n'zovuta kwa munthu wa kiyibodi, koma tcherani khutu kwa wa besi. Iye akuyenda, noti imodzi pa kugunda kulikonse, 1, 2, 3, 4, osapumira. Kuwerenga kanayi kumeneko ndi bar imodzi. Nyimbo zambiri za bebop zili ndi ma bar 12, zomwe ndi blues, kapena ma bar 32 ogawidwa panayi: chigawo choyamba cha ma bar 8, chibwerezedwe, kenako chigawo chosiyana, ndiye choyamba chija chibwerenso. Poyamba gulu limaimba nyimbo yeniyeniyo kamodzi. Likamaliza, makodi aja amayambiranso pachiyambi ndendende, koma tsopano wa piyano akupeka zake pompopompo pamwamba pa makodiwo. Amazungulira choncho kangapo, ndipo pamapeto nyimbo ija imabwerera. Nthawi zina chakumapeto mudzamva wa piyano ndi wa ng'oma akulandizana ma bar anayi anayi. Werengani ndi zala, musachite manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limene mudzamve chigawo chachitatu chija chikulowa musanawerenge n'komwe, mudzadziwa kuti khutu latseguka.

Kenako mverani wa ng'oma. Kale woimba ng'oma ankasunga nthawi ndi phazi, kumenya ng'oma yaikulu ya pansi pa kugunda kulikonse. Kenny Clarke ndiye anasamutsira ntchitoyi ku dzanja lamanja, pa cymbal, mbale yachitsulo ija ya pa ng'oma, n'kusiya phazi ndi dzanja lamanzere kuti ziziponya mawu apa ndi apo pamalo osayembekezeka. Nyimbo inapepuka, inayamba kuyandama. Tsono Clarke yemweyo anasamukira ku Paris mu 1956 ndipo anakhala ku France mpaka imfa yake mu 1985. Taganizani zimenezo: mnyamata wa ku Paris woimba piyano, kumbuyo kwake kuli munthu amene anayambitsa kamenyedwe kameneka. Ukachedwa pang'ono pokha, cymbal ija ikuuza pomwepo.

Pomaliza bwererani ku piyano, koma muyambe ndi dzanja lamanzere. Kwa oimba piyano akale a kaimbidwe kotchedwa stride, dzanja limeneli linkagwira ntchito ya besi ndi ng'oma pamodzi, kudumpha kuchoka pa noti ya pansi kupita pa kodi, kubwerera, osaleka. Bud Powell anaona kuti wa besi alipo kale, ndiye analichepetsera ntchito dzanjalo. Limangogunda manotsi awiri kapena atatu, mwa apo ndi apo, pamene lamanja likuimba mzere umodzi wautali ngati wa saxophone ya Parker. Kuthamanga kumene kwakusokonezaniko ndi mzere umenewu. Uli ndi popumira, uli ndi pofunsa ndi poyankha, kungoti umalankhula mofulumira.

Tsopano mayina. Amene ndikufuna muyambe naye ndi René Urtreger, wobadwa mu 1934 ku Paris. Mu 1955, ali ndi zaka 20 zokha, anajambula chimbale cha anthu atatu chotchedwa René Urtreger joue Bud Powell, kutanthauza kuti akuimba nyimbo za Powell. Mnzanu uja akachiona adzati, "Mwaonatu, si ndinanena!" Koma mnyamatayu sanabise kanthu, dzina la mphunzitsi wake analilemba pachikuto. Ali ngati mwana wophunzira ukalipentala amene mpando wake woyamba waupanga motsatira wa abwana ake, ndipo akunyadira kunena kuti anamuphunzitsa ndani. Chimene ndimachikonda pa chimbalechi n'chakuti mizere yake ndi yoyera, noti iliyonse imamveka, ndipo kwa munthu wophunzira n'chosavuta kutsatira kuposa Powell mwini wake, amene moto wake nthawi zina umakuwotcha usanamvetse.

Patangopita zaka ziwiri, woimba lipenga Miles Davis atabweranso ku Paris, anaimba ndi Urtreger, Barney Wilen pa saxophone, Pierre Michelot pa besi ndi Kenny Clarke. Usiku wa pa 4 December 1957 analowa mu situdiyo n'kupeka nyimbo za filimu ya Louis Malle, Ascenseur pour l'échafaud, akuonera zithunzi zake pakhoma. Mu 1959 Urtreger analinso pa piyano pamene katswiri wa saxophone wa ku America, Lester Young, ankajambula komaliza ku Paris, atatsala pang'ono kumwalira. Anthu ngati amenewa sankasankha woimba nawo chifukwa chomumvera chisoni.

Koma pamene Urtreger akumveka kuti wakhwima ndi pa gulu la HUM, dzina lochokera ku zilembo zoyamba za Daniel Humair, mnyamata wa ng'oma wochokera ku Geneva, Urtreger ndi Michelot. Anajambula ku Club Saint-Germain mu 1960, anakumananso mu 1979, ndiponso mu 1999. Mukamvera zimbale zitatuzi motsatana mukumva moyo wa anthu atatu. Pakati pa choyamba ndi chachiwiri panadutsa zaka zowawa, pamene nyimbo za rock ndi za achinyamata zinalanda anthu m'makalabu a jazi, ndipo Urtreger anakhala zaka zingapo akuimbira woimba wotchuka Claude François kuti apeze chakudya. Atabwerera ku jazi sanasinthe chinenero chake, anangochizamitsa. Ine munthu wotere ndimamulemekeza kwambiri.

Njira ina ndi ya Martial Solal, ndipo apa mawu akuti kukopera amatheratu mphamvu. Anabadwira ku Algiers mu 1927. Pa nthawi ya nkhondo anachotsedwa sukulu chifukwa cha malamulo osala Ayuda a boma la Vichy, boma la France lomwe linkagwirizana ndi Germany, ndipo nthawi yakeyo anaithera pa piyano. Anafika ku Paris mu 1950, ndipo mu 1953 anaimba nawo pa kujambula komaliza kwa katswiri wa gitala Django Reinhardt. Solal anaidziwa bebop yonse, koma sanakhutire nayo. Amatenga nyimbo yodziwika, aiyambe, aidule pakati, asinthe liwiro, asinthe kiyi, aponye kachidutswa kake ku manotsi a pansi penipeni, kenako abwerere pamalo enieni pamene wa besi wafika, osaphonya ngakhale kugunda kumodzi. Dzanja lake lamanzere silikhala chete ngati la Powell, limatsutsana ndi lamanja. Gulu lake la atatu ndi Guy Pedersen ndi Daniel Humair linaimba mu Salle Gaveau mu 1962, holo ya nyimbo za classical, ndipo mu 1963 anaitanidwa ku chikondwerero cha jazi cha Newport ku America komweko. Anamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 97. Ndikukupemphani kuti musayambe ndi iyeyu. Munthu amene akuphwasula nyumba mwaluso umamuyamikira ukadziwa kaye mmene nyumbayo inamangidwira.

Alipo ena oti muwadziwe. Henri Renaud ndiye anali pa piyano pamene woimba lipenga wa ku America Clifford Brown anajambulira kampani ya Vogue ku Paris mu 1953, atabwera ndi gulu la Lionel Hampton. Georges Arvanitas wa ku Marseille anajambula chimbale cha 3 A.M. mu 1958, iye kutsogolera, kumbuyo kwake kuli Doug Watkins ndi Art Taylor, akatswiri awiri a ku America. Zimbale zambiri za nthawi imeneyi zinatulukanso pa mndandanda wotchedwa Jazz in Paris, ndipo kulemba mawu amenewa pofufuza kukutsegulirani zambiri.

Nanga Bud Powell mwini wake? Nayenso anasamukira ku Paris mu 1959, ndipo ankaimba ku Blue Note ndi Michelot ndi Clarke, gulu lomwe linkatchedwa The Three Bosses. Pa atatuwo mmodzi anali Mfalansa, ndipo palibe amene ankamuona ngati wongodzaza malo. Powell anafika ali wodwala. Anamenyedwa m'mutu ndi apolisi ku America mu 1945, anagonekedwa kangapo m'zipatala za matenda a maganizo, ndipo ku Paris anadwalanso chifuwa chachikulu. Mnyamata wina wojambula zithunzi, Francis Paudras, anamutengera kunyumba kwake n'kumamusamalira. Zimbale zake za ku Paris sizofanana, masiku ena zala zinkakana, koma tsiku labwino likafika palibe womuyandikira. Mumvereni pa Our Man in Paris ya Dexter Gordon, ya mu 1963. Anabwerera ku New York mu 1964 ndipo anamwalira mu 1966 ali ndi zaka 41. Sitingakambe za Paris popanda kunenanso chimene chinkawakokera kumeneko oimba akudawa: kwawo tsankho linali lokhazikika, pamene ku France ankalandiridwa ngati akatswiri. Sikuti France inalibe tsankho lake, zaka zomwezo inali pa nkhondo yoopsa ku Algeria. Koma kwa woimba jazi wochokera ku America moyo unali wopumirako.

Mmodzi winanso amene ndikuganiza kuti akukhudzani inuyo ndi Alain Jean-Marie, wobadwira ku Guadeloupe mu 1945, amene anakhazikika ku Paris m'zaka za m'ma 1970. Anaimba bebop ndi alendo ambiri a ku America, kenako mu 1992 anatulutsa Biguine Reflections, momwe anthu atatu akuimba magule a kwawo a biguine ndi makodi ndi mizere ya bebop. Ng'oma zake zikufikani pamtima msanga kuposa za enawo.

Pa kiyibodi yanuyo yesani izi. Zimitsani transpose ndi ng'oma za m'makinamo, musankhe mawu a piyano okha. Tengani blues ya mu F. Pa kodi ya F, dzanja lamanzere ligwire F ndi E flat basi. Pa B flat, ligwire B flat ndi D. Pa C, ligwire C ndi B flat. Poyamba zimveka ngati mwavula, chifukwa kutchalitchi tinazolowera kudzaza manja onse awiri, koma mpata umenewo ndi wa besi ndi wa dzanja lanu lamanja. Ndiye sankhani ma bar anayi okha pa chimbale cha Urtreger cha 1955, muchepetse liwiro pa YouTube kufika theka, muwaimbe ndi pakamwa mpaka muwaloweze, kenako muwafune pa makiyi. Mukawapeza mu F, asamutsireni ku B flat ndi zala zanu. Mukatero mundilemberenso, ndipo mundiuze dzina la chimbale chimene munachipeza chija kuti tione kuti pa ng'oma panali ndani.