Adokotala akufuna amuna anga alowe m'kafukufuku, tivomere?

Funso: Amuna anga anawapeza ndi khansa ya m'magazi. Adokotala apempha kuti alowe m'kafukufuku wa mankhwala atsopano, ndipo atipatsa fomu yamasamba ambiri. Achibale akuti akungofuna kuwayeserapo mankhwala, mwinanso adzawapatsa madzi chabe. Tikakana, adzasiya kuwathandiza? — Mayi wothedwa nzeru

Yankho: Mayi, sadzasiya. Kukana sikuimitsa chithandizo chomwe bambo akulandira, ndipo ngakhale atasaina lero akhoza kutulukamo mawa. Mfundo imeneyi ili m'chikalata cha Helsinki cha 1964, chomwe ofufuza zamankhwala amatsatira. Osaina ndi bambowo, osati inu kapena achibale, bola ali ndi mphamvu zoganiza okha.

Zamadzizo musade nazo nkhawa kwambiri. Pa khansa imene ili ndi mankhwala odziwika kale, wodwala samusiya wopanda chithandizo. Kawirikawiri odwala amagawidwa pawiri: ena amalandira mankhwala omwe alipo kale, ena atsopanowo. Amasankha ndi kompyuta mwamaere, ndiye kuchonderera adokotala sikusintha kanthu. Umu ndi mmene mankhwala otchedwa imatinib anayesedwera pa mtundu wina wa khansa ya m'magazi wotchedwa CML, powayerekeza ndi mankhwala akale otchedwa interferon. Komatu si mankhwala onse atsopano amene amapambana akale. Ena amalephera, n'chifukwa chake amayesa.

Ine chimene ndimauza aliyense ndi ichi: funsani kuti kafukufukuyo ali pa gawo liti. Gawo loyamba limakhala la anthu ochepa, ndipo cholinga chake ndi kupeza mlingo umene thupi lingapirire. Pofika gawo lachitatu, zovuta zambiri za mankhwalawo zimakhala zitadziwika. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, koma pafomu kumabisala m'mzere umodzi.

Funsaninso kuti adzawatenga magazi kangati, komanso mafuta a m'mafupa kangati. Amenewa amawakoka ndi singano yaikulu pafupa la m'chiuno kumbuyoku, atabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo pamapweteka masiku angapo. Nanga akadwala chifukwa cha mankhwalawo, alipire ndani? Kafukufuku akatha, adzapitiriza kuwalandira?

Dziwaninso kuti kusaina sikutanthauza kuti alowa. Amayamba ayeza impso, chiwindi ndi mtima, ndipo zikapezeka zofooka amawabweza ku chithandizo chanthawi zonse. Fomuyo pitani nayo kunyumba, muwerenge pamodzi, mulembe mzere paliponse pomwe simunamve, mukafunse.