Mwana wanga akufuna kuyesa utomoni wa njuchi: kodi pali ntchito pamenepa?

Mayi wina wa ku Mambwe wandilembera kuti: "Mtsikana wanga wa Giledi 11 akufuna kukaonetsa pa mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu wa JETS kuti utomoni wa njuchi umapha tizilombo toononga chakudya. Bambo ake amaweta njuchi. Ine ndikuona ngati akutaya nthawi yowerenga. Kodi zimenezi zingadzamupatse ntchito?"

Amayi, musamuletse mwanayu. Wagwira nkhani yeniyeni.

Utomoni akunenawu ndi zomata zoderapo zija zimene bambo ake amapala ndi mpeni pakamwa pa mng'oma n'kutaya. Dzina lake la sayansi ndi propolis. Njuchi zimautenga pa mphukira ndi makungwa a mitengo, kuusakaniza ndi phula, n'kumatira ming'alu. Mbewa ikafera mu mng'oma, njuchi zikalephera kuitulutsa, zimaikuta ndi utomoniwu kuti isawole. Nchifukwa chake asayansi anayamba kuuyesa pa mabakiteriya.

Zimene anapeza n'zakuti umagwira bwino pa mabakiteriya otchedwa Staphylococcus aureus, amene amachoka m'manja ndi m'mphuno mwa wophika n'kulowa m'ndiwo, pa Bacillus cereus wa mu mpunga wogona, komanso pa Listeria. Koma ukafika pa Salmonella ndi E. coli mphamvu yake imachepa, poti awa ali ndi khungu lina lakunja lowatchinga. Chinanso, utomoni sufanana paliponse. Njuchi za ku Europe zimadalira kwambiri mtengo wa poplar, pomwe za kwanu zimayendera mitengo ya m'chigwa cha Luangwa. Zolembedwa za kunja sizingamuuze mwana wanu mphamvu ya utomoni wa m'ming'oma ya bambo ake. Ayese yekha, ndipo apa ndi pamene ntchito yakeyo ili ndi phindu.

Tsopano iwe mwanawe, tamvera. Utomoni susungunuka bwino m'madzi, amauviika mu ethanol (sipiriti wa mu labotale) wa 70 peresenti kwa masiku angapo n'kusefa. Vuto lili apa: ethanol payekha amaphanso mabakiteriya. Ukadontheza madzi a utomoni osefedwawo pa kapepala n'kuika m'kambale ka agar (chakudya chomeretsera mabakiteriya) momwe wapakamo mabakiteriya, mawa lake n'kuona bwalo loyera pomwe tizilombo sitinamere, oweruza adzakufunsa kuti wapha ndani, utomoni kapena ethanol? Choncho uikenso kapepala kena konyowetsedwa ndi ethanol yekha, onse awiri uwaumitse kaye, ndipo mabwalowo uwayeze ndi lula mu mamilimita pakatha maola 24. Ubwereze katatu. Ngati pa bakiteriya wina sipaoneka kanthu, lemba momwemo kuti sipanaoneke kanthu. Ine ndimalemekeza mwana wotero kuposa wobwera ndi zotsatira zokongola zimene sangathe kuzifotokoza.

Ndipo usayerekeze kumeretsa mabakiteriya kunyumba kapena kutsegula timbale tomera kale. Aphunzitsi a Biology akutsogolere, ndipo ngati kusukulu kulibe zipangizo, iwowo ndiwo apemphe thandizo ku labotale yokhala ndi akatswiri.

Pa za ntchito, amayi, ndikuuzeni zoona. Palibe amene adzamulembe ntchito chifukwa chodziwa utomoni basi. Chimene adzagulitse ndi luso loyeza chakudya, kudziwa ngati mkaka, chiponde kapena uchi zili zoyenera kudyedwa. Anthu otere amafunika ku Zambia Bureau of Standards, m'makhonsolo, m'zipatala ndi m'mafakitale a zakudya. Ngakhale kuno ku Chipata, kampani ya COMACO imakonza zakudya zotchedwa It's Wild! kuchokera ku mbewu zimene imagula kwa alimi. Maphunziro ake alipo. Ku University of Zambia kuli digiri ya sayansi ya zakudya, ku Evelyn Hone College ku Lusaka kuli dipuloma ya ntchito za mu labotale, ndipo ngati mtima wake uli pa njuchi ndi mitengo, kuli Zambia Forestry College ku Mwekera, pafupi ndi Kitwe.

Nkhawa yanu ya kuwerenga ndaimva, ndipo ndi yomveka. Makomo onsewa amatseguka ndi zotsatira za Giledi 12, makamaka ma credit asanu kuphatikizapo Chingerezi, Masamu ndi masayansi. Ana ambiri okonda Biology amagwera pa Chemistry ndi Masamu. Mugwirizane naye kuti za njuchi zikhale za Loweruka, masiku enawo agwire mabuku.

Bambo ake muwauze kuti zimene zimachitika m'kambale ka mu labotale si zimene zimachitika m'mimba mwa munthu. Utomoni si mankhwala a kutsegula m'mimba kapena kolera, ndipo ena umawatulutsa ziwengo pakhungu. Mwana akatsegula m'mimba, mum'patse ORS n'kuthamangira naye kuchipatala. Koma bambowo akadzapitanso kukafula uchi, asautayenso utomoniwo. Aupalire m'botolo loyera ndi louma, alembepo tsiku ndi malo a mng'omawo, am'patse mtsikanayo.