Yankho kwa mphwanga pa nkhani yojambula zithunzi

Moni nonse apabanja. Mphwanga, ndamva funso lako lakuti kodi uyambe wagula kamera yodula kuti uzijambula bwino malo amene umayendako. Ine ndikuti ayi, foni uli nayoyo ndi yokwanira poyambira, ndipo ndalamazo usunge zikhale zoyendera.

Uyambire konkuno ku Mulanje. Alendo amachokera kutali kudzajambula phiri limene ife timadzuka nalo tsiku ndi tsiku, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Ambiri amajambula dzuwa lili paliwombo, phiri n'kutuluka lotuwa. Iwe uzilawirira, chifukwa dzuwa likamatuluka kuwala kumabwera cham'mbali, ndiye mizere ya tiyi ndi mame a pamasamba zimaoneka bwino. Thanthwe la Chambe linayang'ana kumadzulo, choncho limenelo ulidikire dzuwa litapendeka. Ngakhale nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, usabise foni, bola uzipukuta kagalasi kake.

Koma chimene ndikufuna umvetsetse ndi nkhani ya anthu. Munda wa tiyi ku Thyolo ndi wokongola, komabe chithunzi chimayamba kulankhula ukayandikira mayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana, zala zikubudula masamba awiri ndi kansonga kake mofulumira moti diso silitsatira. Ujambule mundawo uli patali, kenako manja akewo pafupi, kenako umutsatire mpaka pasikelo pamene akukayezetsa, kuti woona zithunzizo adziwe kumene tiyi wa m'kapu mwake amachokera. Usanatulutse foni upereke moni, ufotokoze cholinga chako, upemphe chilolezo kwa mayiyo ndiponso kwa oyang'anira esiteti, ndipo ukajambula umuonetse. Akakana, uthokoze n'kupitirira. Zimandipweteka mtima ndikaona munthu akujambula zipsera zimene namondwe wa Freddy anasiya m'phirimu mu Malichi 2023, osafunsa n'komwe anthu a m'munsimo, pamene ena mwa iwo anataya abale awo ndi madzi omwewo.

Ukabwera pa holide tidzalowera ku Likhubula mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo ukafuna kukwera kupitirira pamenepo tidzatenga wolondolera njira. Udzabwere foni itadzaza moto, chifukwa kumtundako kulibe potchajira.