Sanamutenge ku udokotala, koma akuti adzagwirabe zaumoyo

Bambo wina wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, walemba motere: "Mwana wanga wamkazi ankafuna udokotala koma sanamutenge. Dzina lake latulukira ku yunivesite ya ku Zomba, ku maphunziro a zachuma ndi ziwerengero. Iye akuti palibe vuto, adzagwirabe ntchito ya zaumoyo, ya kafukufuku wothandiza boma popanga mfundo. Ine fizi ndimalipira ndi ndalama ya kachewere. Kodi ntchito imeneyi ilikodi, kapena akungonditonthoza? Ndimuuze abwereze Fomu 4?"

Zikomo bambo. Asabwereze ayi, apite ku Zombako. Ntchitoyo iliko, kungoti oigwira savala gauni yoyera, ndiye kumudzi sitiwadziwa.

Inu mukuikumbukira chloroquine, mankhwala owawa aja amene ena ankawayabwitsa thupi lonse. Anachoka bwanji m'zipatala? Ofufuza anatsata ana odwala malungo, n'kupeza kuti ambiri akumwa mankhwalawo koma tizirombo sitikufa. Anakaika zimene anapezazo patebulo la akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo, ndipo mu 1993 Malawi anasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, dziko loyamba mu Africa kutero. Fansidar nayenso atafooka, mu 2007 kunabwera LA amene tikumwa lero. Dokotala wa pa chipatala cha Ntcheu amalemba LA chifukwa anthu ena anawerengetsa, ena anamva n'kusintha mfundo. Katemera wa malungo amene anayambira kuno mu April 2019, limodzi ndi ku Ghana ndi Kenya, anadzera njira yomweyo. Chimodzimodzinso ndondomeko ya mu 2011 yoti mayi woyembekezera akapezeka ndi HIV ayambe ma ARV moyo wake wonse, imene maiko ena anadzatengera kwa ife.

Mwina mukuti izi ndi za madokotala. Pang'ono chabe. Boma lisanavomere mankhwala atsopano limafunsa kuti adya ndalama zingati, afika kwa anthu angati, nanga owapereka alipo okwanira? Mafunso amenewa amayankha ndi munthu wa zachuma ndi ziwerengero, ngati mwana wanuyu. Anamwino ndi madokotala athu atachuluka kupita ku Britain, boma ndi othandiza anakhala pansi ndi ziwerengero za amene achoka ndi amene atsala, ndipo mu 2005 malipiro a ogwira ntchito zachipatala anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, makoleji nawo n'kuyamba kutenga ophunzira ambiri. Lero vuto latembenuka: tili ndi anamwino amene anamaliza sukulu koma akukhala pakhomo kudikira kulembedwa, pomwe m'zipatala mizere ndi yaitali. Nkhani yotere saimasula ndi jakisoni. Imafuna wodziwa bajeti, wodziwa kuwerenga anthu, komanso wodziwa kulankhula ndi a ku Treasury, osunga thumba la boma.

Kolowera kulipo. Ku Zomba komweko kuli National Statistical Office, imene inachititsa kalembera wa mu 2018, komanso Centre for Social Research ya pa yunivesitepo. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ku Lilongwe kuli Public Health Institute of Malawi, nthambi zokonza mapulani m'maunduna ku Capital Hill, ndi AFIDEP, bungwe limene ntchito yake yeniyeni ndi kulumikiza ofufuza ndi opanga mfundo.

Koma ndisakunamizeni, bambo, poti ndalama yake ndi ya thukuta. Ntchito zambiri za kafukufuku ndi za kontirakiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo zimadalira thandizo lakunja. Thandizo likaduka, pulojekiti imatsekedwa, munthu n'kuyambanso kuponya makalata. Woyamba kumene nthawi zambiri amayambira pansi, kuyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti kufunsa mafunso, fumbi lili m'mapazi. Ndipo digiri yoyamba yokha siimufikitsa patali. Ambiri amene akukhala pa matebulo aakuluwo anawonjezera digiri yachiwiri, ya masitazi. Za m'boma n'zokhazikika koma malipiro ake ndi ochepa ndipo malo satuluka kawirikawiri.

Tsono iwe mwana wanga, poti ndikudziwa kuti kalatayi uwawerengera ndiwe bambo akowa, tamvera. Ophunzira ambiri amatuluka akudziwa kulemba lipoti la masamba 80 limene palibe nduna ingaliwerenge. Osowa ndi amene angathe kulifinya kukhala tsamba limodzi, lonena chimene chapezeka, chimene boma lichite, ndi mtengo wake. Phunzira zimenezo kuyambira chaka choyamba. Masamu usawathawe. Dziwa Excel bwinobwino, kenako Stata kapena R, mapulogalamu a pakompyuta osanthulira ziwerengero. R ndi yaulere, ungaiike pa laputopu iliyonse. Chichewa chakonso usachipeputse, chifukwa kafukufuku asanalowe m'mudzi amayamba wafotokozedwa kwa mfumu ndi anthu ake, ndipo wa Chizungu chokhachokha amagwa pomwepo.

Holide yoyamba usakangokhala pa msika wa Lizulu kuthandiza kugulitsa. Lemba kalata ku ofesi ya zaumoyo ku boma ku Ntcheu, kapena ku Dedza poti n'kufupi, upemphe kuthandiza kwa amene amasonkhanitsa malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala zing'onozing'ono ndi kwa azaumoyo a m'midzi. Mwina sakupatsa kanthu, koma udzaona ndi maso ako momwe nambala yolembedwa m'kaundula ku Tsangano imayendera mpaka kukafika ku Lilongwe, ndi malo amene imasochera. Pochoka upemphe kalata ya umboni yodinda chidindo. Bambo, ya thiransipoti ya holide imeneyo muisungiretu pokolola.