Pempho langa la ndalama za kafukufuku likungokanidwa

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa pa yunivesite ina, kwathu ndi ku Bembeke ku Dedza. Kawiri konse ndapempha ndalama zofufuzira chiwawu chomwe chikutha mbatata ya kachewere kumudzi, koma osaphula kanthu. Mwezi wamawa kuntchito kuli maphunziro a kalembedwe ka mapempho otere. Ndipiteko kodi?
Wodandaula, Dedza

Yankho: Pitani ndithu aphunzitsi, ndipo munyamule mapempho awiri aja pamodzi ndi ndemanga za omwe anawakana. Muwawerengere limodzi ndi ophunzitsawo, mzere ndi mzere.

Ine ndaona kuti ambiri amagwera pa bajeti. Lembani mafuta a galimoto opitira kuminda, mbewu, malipiro a othandizira, chilichonse ndi mtengo wake weniweni. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, choncho mitengo yakale musaidalire. Chiwawu chimakula nthawi ya mvula ndi chinyezi. Ndondomeko yanu igwirizane ndi dzinja, apo ayi owunika adzakayika.

Muzionanso zolengeza za ndalama za kafukufuku zochokera ku bungwe la boma loona za sayansi ndi luso lamakono la National Commission for Science and Technology (NCST) ku Lilongwe. Ndipo pempho lifike ku ofesi ya kafukufuku ya yunivesite yanu kudakali masabata awiri, kuti akuluakulu asainire tsiku lotsekera lisanakwane.