"Kodi kuli sikani yoyezera mutu wa mwana wanga?" Yankho kwa mayi a ku Namwera

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Namwera, anandipempha kuti dzina ndisatchule nde sinditchula. Inali yaitali koma nkhani yake ndi iyi. Ali ndi mnyamata wa zaka 8, akubwereza Sitandade 1 kachitatu. Anachedwa kuyankhula, mpaka pano amangobwereza zomwe wamva, mukati "ukufuna phala?" nayenso "ukufuna phala?". Chigayo chikalira amatseka makutu nkuyamba kukuwa, amatha m'mawa wonse akundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde ndipo wina akangosuntha chimodzi ndi nkhondo. Kusukulu akuti ndi wopusa, apongozi akuti ndi majini, bambo ake ali ku Joni amangoti "akakula asintha". Nde mayiwa akufunsa kuti: "Kodi kuno ku Malawi kuli sikani kapena kuyeza magazi koti ndidziwe ngati ndi autism kapena ADHD ija ndimaiona pa TikTok? Nanga munthu wamkulu amayezedwa? Chifukwa ine ndikamaonera mavidiyo amenewo ndimangodziona ndekha."

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndinene kaye kuti ine ndine mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, si dokotala, ndipo palibe munthu angakuuzeni dzina la vuto la mwana wanu kudzera pa imelo, olo dokotala amene. Koma njira yake ndimaidziwa chifukwa ndaperekezapo makolo angapo.

Sikani kulibe. Osati ku Malawi kokha, ku Joni kulibe, ku London kulibe. Autism (kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu), ADHD (kusatchera khutu ndi kusakhazikika) ndi vuto la kuwerenga lija amati dyslexia sizioneka m'magazi ngati malungo, sizionekanso pa chithunzi cha mutu. Adokotala atha kulamula sikani akamakayikira china chake monga chotupa kapena kuvulala, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ndikutsindika chifukwa ndaona anthu akugulitsa mbuzi kuti akajambulitse mutu wa mwana ku pulayiveti, nkubwerako ndi pepala loti zonse zili bwino, kenako apongozi nkumati "mwaona? tinanena ife kuti si zachipatala izi."

Kuyeza kwake ndi kufunsa ndi kuonerera. Wachipatala amakhala nanu pansi nkukufunsani mbiri ya mwana kuyambira ali m'mimba, anabadwa bwanji, analira nthawi yomweyo kapena anachedwa, anakhala pansi liti, anayenda liti, mawu oyamba anali liti, kodi ali wamng'ono ankaloza chinthu ndi chala kuti inunso muchione, mukamuitana dzina ankacheuka? Kenako amasewera naye mwanayo akuona mmene akuyang'anira anthu, mmene akupemphera chinthu, ngati amatha kusewera zongoyerekeza ngati zamasanje zija. Amafunanso kumva kwa aphunzitsi. Mayiko ena ali ndi chida chotchedwa ADOS chomwe kwenikweni ndi masewera okonzedwa bwino oti woyezayo azipereka mamalikisi, ndipo kwa ana a miyezi 16 mpaka 30 kuli mafunso 20 ofunsa makolo otchedwa M-CHAT. Koma olo zida zimenezi sizigamula zokha, wogamula ndi munthu wodziwa ntchito atasonkhanitsa zonse.

Ife a Malawi tilinso ndi chathu, anthu ambiri sadziwa. Chimatchedwa MDAT, anachikonza konkuno Dr Melissa Gladstone ndi anzake nkuchisindikiza mu 2010, choyezera kakulidwe ka ana osapitirira zaka 6 pa zinthu zinayi: kuyenda ndi kudumpha, kugwiritsa ntchito zala, kuyankhula, ndi kukhala ndi anthu. Chinapangidwa chifukwa mayeso ochokera kunja amafunsa mwana zinthu zoti sanazionepo. Tangoganizani mwana wa ku Makanjira akumuonetsa chithunzi cha chinthu cha m'khitchini ya azungu nkumati walephera kutchula, pamene mwana yemweyo amasiyanitsa usipa ndi utaka ali patali. Wanuyo wapitirira msinkhu wa MDAT, koma ngati ali ndi mng'ono wake ndi bwino mudziwe.

Tsopano apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa kwa ife a ku Mangochi ndi pomwe pagona nkhani. Musanafike pa mayina akuluakuluwo pali zinthu zoyamba kuchotsa panjira.

Makutu. Mwana wosamva bwino amachedwa kuyankhula, saitanika, m'kalasi amangoyang'ana kudenga, ndipo aliyense amati ndi wamwano kapena wopusa. Ana athu ambiri amakula akutuluka mafinya m'khutu, ena amasambira m'nyanja tsiku ndi tsiku, ife nkumangopukuta ndi kansalu basi. Musanene kuti "koma chigayo amachimva", kumva chigayo ndi kumva kusiyana kwa "pala" ndi "phala" ndi zinthu ziwiri. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki yoyeza makutu, ku Lilongwe kuli ya ABC (African Bible College). Maso chimodzimodzi, mwana wosaona pa bolodi sangakopere.

Kenako malungo, makamaka aja ogwira ubongo oti mwana anakomoka kapena kugwidwa chifufu. Kafukufuku yemwe anachitika ku Blantyre nkutuluka mu 2010, wotsogoleredwa ndi Dr Gretchen Birbeck, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse opulumuka malungo a mu ubongo anadzakhala ndi khunyu kapena mavuto ena a ubongo ndi khalidwe, monga kusakhazikika ndi ukali. Kuno kunyanja komwe udzudzu ndi wachibale wathu, imeneyi si nkhani yaing'ono. Nde ngati mwana wanu anagonekedwapo ndi malungo otere, kanenedwe koyambirira kakhale komweko. Palinso khunyu lina losagwetsa, mwana amangoti duu masekondi ochepa maso ali pamodzimodzi kenako nkupitiriza ngati palibe chachitika, kangapo patsiku. Aphunzitsi amati sakumvetsera. Komanso mankhwala a khunyu aja a phenobarbitone ana ena amawapangitsa kukhala ojijirika, ngati akumwa auzeni adokotala, koma chonde osasiya nokha.

Onjezerani njala, kuchepa magazi, likodzo, kusagona bwino. Mwana wopita kusukulu m'mimba muli gwaa sangakhale phee olo atakhala wanzeru bwanji.

China ndi chiyankhulo, ndipo ichi chimandipweteka mtima. Simunandiuze ngati pakhomo panu mumayankhula Chiyao, koma ku Namwera ndikuganiza choncho. Mwana amakula ndi Chiyao, kufika Sitandade 1 akumupatsa Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi m'kalasi ya ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi. Akalephera kuwerenga ba be bi bo bu timuti ali ndi dyslexia? Ayi kaye. Dyslexia timaiganizira mwana akaphunzitsidwa mokwanira, akumva, akuona, nkhani akukamba bwinobwino, koma kulumikiza chilembo ndi liwu lake kukumukanikabe pamene anzake a Chiyao omwewo adutsa kalekale. Nde kulikonse mukamuyezetse, limbikirani kuti pakhale munthu womuyankhula chiyankhulo cha pakhomo. Mwana woyezedwa m'chiyankhulo chomwe sachidziwa amalephera mayeso a chiyankhulo, osati a nzeru.

Nanga zomwe mwafotokozazo? Kubwereza mawu, kudana ndi phokoso, kundandalika zinthu ndi kusafuna zisinthe, zimenezi zili m'gulu la zomwe oyeza autism amafunsa, nde simukulakwitsa kufuna kuti aonedwe. Amayang'ana mbali ziwiri, kavutidwe pocheza ndi kumvana ndi anthu, komanso kuchita zinthu mobwerezabwereza, ndipo zikhale zoti zinayamba ali wamng'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ndi pafupifupi mwana mmodzi pa 100 alionse, tsono werengani ana a pasukulu yanu muone kuti simuli nokha. Si matenda atsopano obwera ndi mafoni ayi, Leo Kanner analemba za ana otere mu 1943 ku America. Si katemeranso, dokotala wa ku Britain amene anayambitsa mphekesera imeneyo mu 1998, Andrew Wakefield, nkhani yake inachotsedwa mu 2010 ndipo iye analandidwa chiphaso. Komanso si kuti munalakwitsa kalikonse muli oyembekezera.

ADHD ndi ina, ngakhale mwana mmodzi atha kukhala nazo zonse ziwiri. Pamenepo amafuna zizindikiro za kusatchera khutu kapena kujijirika zikhale zatha miyezi 6, zinayamba asanakwane zaka 12, ndipo zikuoneka malo awiri kapena kuposa. Mwana wovuta kusukulu kokha koma kunyumba ndi ku madrasa ali bwinobwino, funso lipite kusukuluko.

Poyambira ndi pafupi pompo. Pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko ndi buku lake lakuchipatala, lakusikelo lija ngati likadalipo musalisiye, mupemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu pa boma. Pamenepo funsani oona za ana komanso anamwino kapena akilinikala oona za maganizo. Iwo akaona kuti pakufunika akatswiri amatumiza ku Zomba kapena ku Queens. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amagwira ntchito imeneyi. M'zipatala za boma simulipira, chomwe chimadya ndalama ndi thiransipoti ndi kagonedwe, nde musakwere minibasi ya ku Blantyre musanadziwe tsiku la kiliniki, funsani pa boma pompo akuuzeni. Mawu oti "oona za maganizo" asakuopseni, sikuti mwana wanu ndi wamisala.

Koma chomwe ndimauza kholo lililonse ndi ichi: gulani kope la masamba ochepa lomweli. Kwa milungu iwiri kapena itatu muzilemba zomwe mukuona, tsiku, chinachitika nchiyani asanayambe kukuwa, anatonthola bwanji, amadya chiyani ndi chomwe amakana, amagona nthawi yanji, mawu omwe amanena yekha osabwereza. Lembaninso zomwe amachita bwino, ana ena otere amaloweza njira kapena nyimbo modabwitsa. Jambulani timavidiyo tifupitifupi pa foni, akusewera ndi zitsekerero zija, mukumuitana dzina, ali pakati pa anzake. Chifukwa chake nchakuti pamzere pamakhala anthu ambiri, wachipatala ali ndi mphindi zochepa, ndipo ana amenewa akafika malo achilendo ena amangoti zii ngati mngelo ena amalusa kuposa kunyumba, inu nkuyamba kuiwala zonse munakonza. Kope lija limayankhula m'malo mwanu. Apongozi aja musawataye, afunseni zomwe akukumbuka mwanayo ali khanda, agogo amakumbuka zinthu zomwe ife timaiwala, ndipo munthu ukamufunsa nzeru amayamba kukhala mbali yako. Akafuna kukamupempherera kwa shehe kapena abusa palibe choletsa, bola asamutemere mphini, asamumange, asamumwetse zosadziwika, ndipo kuchipatala apitebe.

Kusukulu musadikire pepala la dokotala. Kaonaneni ndi ahedi, mufunse ngati mu zoni yanu muli mphunzitsi wa special needs kapena risosi senta, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale mu zoniyo, amadziwa, mukawapeza ku ofesi yawo ya TDC. Aphunzitsi amenewa ambiri amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, za ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira. Pemphani kuti mwana azikhala kutsogolo, aziuzidwa chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo aphunzitsi akulembereni tsamba limodzi la zomwe amaona. Kubwereza kachinayi mwa njira yomweyomweyo sikungasinthe kanthu. Kulinso bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, kucheza ndi makolo anzanu kumapepuza mtima.

Mankhwala ochiza autism kulibe, wina akakuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi botolo lochotsa, sungani ndalama zanu. Chomwe chimathandiza ndi kuphunzitsa kuyankhula ndi kudzisamalira pang'onopang'ono, kugwiritsa ntchito zithunzi ndi manja, ndi tsiku loyenda mwa dongosolo lomwe mwana akulidziwa. ADHD ili ndi mankhwala ake monga methylphenidate koma ndi olembedwa ndi dokotala atayeza, si ogula pa gulosale.

Tibwere kwa inu mayi. Eee, wamkulu amayezedwa, olo wa zaka 50. Zinthuzi nthawi zambiri sizitha munthu akakula, ambiri amangophunzira kuzibisa, makamaka atsikana amene timawalera kuti azikhala chete ndi kutengera anzawo, nde ambiri amadzazindikira mwana wawo akamayezedwa, chifukwa nthawi zambiri zimakhala zakumtundu. Kwa wamkulu funso lalikulu ndi loti munali bwanji muli mwana, nde amafuna malipoti akusukulu ngati alipo kapena mayi anu, azakhali, achemwali anu aakulu oti afotokoze. Pa ADHD, kuyambira zaka 17 amafuna zizindikiro 5 m'malo mwa 6 za ana. Koma ndikuuzeni moona, TikTok ija imapangitsa aliyense kudziona. Ndani saiwala ndiwo pamoto? Mayi amene akulera yekha mwana wofuna diso usana ndi usiku, bambo ali kutali, tulo tosakwana, apongozi ali pakhosi, adzaiwala makiyi ndithu, ndipo nkhawa ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali zimafanana kwambiri ndi ADHD. Kusiyana kwake nkoti ADHD inalipo muli ku pulayimale, izi zinazi zimabwera pambuyo. Zonse ziwiri ndi zoyenera kuonedwa, nde tsiku lomwe mukapite ndi mwana kwa oona za maganizo, mukamaliza zake munene kuti "nanenso ndili ndi funso langa."

Bambo ake a ku Joni atumizireni timavidiyo tomwe mujambuleto, ndipo muwauze kuti ya thiransipoti yopita pa boma atumize mwezi uno. Mukabwerako mundilembere zomwe akakuuzeni za makutuwo, tiyambire pamenepo.