Yankho langa kwa azakhali pa za Chisomo ndi Tadala

Azakhali, mwaswera bwanji ku Joni? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu, pakuti zonsezi kuzilemba ndi chala sindingathe. Mwafunsa ngati malamulo amalola zomwe achita achimwenezi, kuchotsa Chisomo ndi Tadala kusukulu n'kumati aziphunzira pakhomo, komanso ngati ife apabanja tili ndi mphamvu yolowererapo. Achimwene, muli pagulu pompano ndipo mumva, choncho si miseche ayi. Zomwe ndinene pano ndi zomwezo ndingakuuzeni pamaso.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono. Zomwe akudandaula si zabodza. Ine ndimaphunzitsa sitandade 2, ndiye za kalasi yodzaza ndimazidziwa kuposa iwo. Chiyambire pomwe a Muluzi anati pulayimale ikhale yaulere mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi ndi aphunzitsi sizinakwanepo mpaka lero. Mwana wamanyazi amatha teremu yonse atakhala kumbuyo, mphunzitsi osalidziwa dzina lake. Kholo likaona zimenezi n'kupsa mtima, ine sindilidabwa.

Tsono za malamulo. Mfundo yaikulu ndi yakuti maphunziro ndi ufulu wa mwanayo, si katundu wa kholo woti lingapereke kapena kumana. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linawonjezera kuti pulayimale ndi yaulere m'sukulu za boma ndipo ndi yokakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Palinso lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, lomwe limapatsa a zachisamaliro cha anthu, apolisi ndi khoti la ana mphamvu yolowa m'banja ngati mwana akunyalanyazidwa. Ndipo gawo 25 lomwelo lili ndi mawu ena omwe anthu ambiri sawadziwa: limalola sukulu za pulaiveti, koma pokhapokha zitalembetsedwa kuboma, komanso maphunziro ake asatsike kuyerekeza ndi a m'sukulu za boma. Ndiye taganizani, azakhali. Munthu womanga makalasi, wolemba ntchito aphunzitsi, boma limamuuza kuti lembetsa ndipo tibwera kudzaona. Nanga achimwene, opanda ndi bolodi yomwe, angati kwanga kusabwere munthu?

Apa m'pamene ine ndagwira. Sindikulimbana ndi malo ophunzirira. Mwana akhoza kuphunzira pakhonde n'kuposa wa m'kalasi mwanga, ngati pali wina wokhala naye tsiku ndi tsiku, wokhala ndi mabuku, wodziwa kuti lero tili pa liwu lakuti, mawa tikupita pa lakuti. Funso langa ndi lakuti kunja kwa nyumba ija alipo munthu mmodzi yemwe angatsimikize kuti anawo akuphunziradi? Kusukulu, ngakhale ikhale yodzaza bwanji, timaitana mayina m'mawa uliwonse. Mwana akajomba sabata, amayi a mother group amakagogoda kwawo. Akabwera ndi chilonda kapena akuwodzera ndi njala, wina amaona. Teremu ikatha pali mayeso, pali lipoti. Mwana ukamuchotsa m'kaundula, maso onsewo umawachotsanso, ndipo amatsala ndi mawu a bambo ake okha akuti akuphunzira.

Ndiye tiyeni tinene chilungamo za tsiku la ana amene aja. Achimwene amalawirira kushopu, amabwerako kwada. Alamu amakhala mumsika wa Zomba ndi tomato wawo mpaka madzulo. Amene amati mphunzitsi ndi foni yosiyidwa pakhomo, ya mavidiyo a pa YouTube, ndipo bandulo ikatha sukulu yatsekera. Chisomo ali ndi zaka 11, ndi amene amabereka khanda, kutunga madzi, kuphika, ndipo masana anthu amamuona ndi beseni la zitumbuwa ku Matawale. Ntchito zapakhomo si zoipa, tonse tinakula nazo, koma zikatenga malo a maphunziro ndiye kuti mwanayo wangosiyitsidwa sukulu basi, ngakhale tiziitchula ndi dzina lokoma. Tadala ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Ali ndi zaka 8. Kuwerenga kumagwira bwino pakati pa sitandade 1 ndi 4, n'chifukwa chake boma linaika mphamvu zake pamakalasi amenewo. Mwana akadutsa pamenepo asanadziwe kulumikiza maphatikizo, akadzabwerera amakhala wamtali m'kalasi ya tiana, anzake amamuseka, ndipo ambiri otere amathawanso.

Nafenso tinaziona dziko lonse nthawi ya Covid. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020, ana n'kuuzidwa kuti aziphunzira kunyumba, pawailesi. Pamene ankabwerera mu Seputembala ndi Okutobala, ena anali ataiwala ndi kulemba dzina lawo lomwe, atsikana ena sanabwerenso, anali ndi pakati kapena ali pabanja. Makolo awo sanali anthu oipa. Analibe nthawi, analibe mabuku, ndipo panalibe wowafunsa.

Achimwene amakonda kunena kuti azungu amachita zimenezi. Inde amachita, koma mavidiyowo saonetsa mbali inayo. Ku Germany kuphunzitsira mwana pakhomo n'koletsedwa, mwana ayenera kupita kusukulu. Ku America n'kololedwa m'zigawo zonse 50, koma malamulo amasiyana: ku New York kholo limapereka dongosolo la maphunziro, malipoti kanayi pachaka, ndipo mwana amayesedwa chaka chikatha, pamene ku Texas sufunika ngakhale kudziwitsa boma. Ndipo kumene kulibe woyang'anira ndiko kumatuluka nkhani zomvetsa chisoni. Ku California mu 2018 apolisi anapeza ana 13 a banja limodzi atatsekeredwa m'nyumba, ena atamangidwa ndi unyolo, owonda ndi njala. Bambo wawo anali atalembetsa nyumbayo ngati sukulu ya pulaiveti, ndipo panalibe wa zamaphunziro yemwe ankapita kukaona. Sindikuti achimwene ndi otero, Mulungu andikhululukire, ana awo amawakonda. Ndikungosonyeza chifukwa chake mayiko amaika malamulo otere, chifukwa boma silingadziwe kholo labwino ndi loipa popanda kuona mwanayo. Ngakhale kumene muliko, azakhali, kholo lofuna kuphunzitsa mwana pakhomo limayenera kumulembetsa ku dipatimenti ya zamaphunziro ya m'chigawo chake, ndipo lamulo lomwe a Ramaphosa anasainira mu 2024 linakhwimitsa zinthu, chilango cholepheretsa mwana sukulu popanda chifukwa chinafika mpaka miyezi 12 kundende.

Palinso nkhani ya mayeso, yomwe achimwene sakuiganizira. MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, ili konkuno ku Zomba, timaidutsa tsiku lililonse, koma sungangotulukira ndi mwana pageti n'kuti muyeseni. Mayina a olemba mayeso a sitandade 8 amadzera kusukulu, ndipo kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma kumachokera pa mayeso omwewo. Mafunso ake amachokera mu silabasi ndi mabuku okonzedwa ku bungwe la zamaphunziro la MIE ku Domasi kuja, osati m'mavidiyo a ana a ku America. Chisomo akanakhala kuti akupitiriza, bwenzi mayesowo atayandikira. Adzalembera kuti? Adzamulembetsa ndani?

Tsono mwafunsa ngati tingapite kupolisi. Ine ndikuti tisayambire kumeneko. Ukangoyamba ndi yunifolomu, munthu amaumitsa mtima ndipo ana ndi amene amavutika pakati. Komanso tisaiwale kuti kuno n'kuchikamwini, ana aja mwini mbumba wawo ndi amalume awo, mlongo wawo wa alamu. Ife akuchimuna tikalowa tokha, akuchikazi adzati tawadelera. Ndiye poyamba auzidwe iwowo pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse, tikhale pansi.

Pokhala pansipo tisakangane ndi pakamwa pokha. Ine ndibweretsa buku la Chichewa la sitandade 2 ndi la Chingerezi la sitandade 5, ndi masamu ochepa papepala. Tadala awerenge ndime imodzi mokweza, Chisomo awerenge yake n'kutiuza zomwe wamva, achite kuchulukitsa ndi kugawa. Asachite pagulu la anthu onse, angachite mantha, akhale ndi ine, amayi awo ndi amalume awo basi. Akakhoza, ine ndidzakhala woyamba kuombera achimwene m'manja, ndipo ndidzawaperekeza kwa a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale m'dera lathu, kapena ku ofesi ya mkulu wa zamaphunziro m'boma lino kuti akafotokoze zomwe akuchita, dzina la mwana lidziwike, papezeke sukulu yoti azikayesedwako teremu iliyonse. Akalephera, ndiye kuti nkhani yatha, anawo abwerere m'kalasi teremu ino, ndipo luntha lomwe achimwene ali nalolo aligwiritse ntchito madzulo, kukhala nawo ola limodzi ndi kope. Zimenezo ndiye zimasintha mwana, ine ndimawadziwa m'kalasi ana omwe kwawo wina amawafunsa kuti lero mwaphunzira chiyani.

Akakana zonsezi, pamenepo njira zilipo ndipo sitidzachita manyazi kuzitsata. Amfumu ali ndi malamulo a m'mudzi okhudza ana osapita kusukulu. Ku ofesi ya DC kuli a zachisamaliro cha anthu, ali ndi alangizi oteteza ana omwe amayendera makomo. Pali nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, yomwe amayendetsa a YONECO konkuno ku Zomba, aliyense akhoza kuimba ngakhale osatchula dzina lake. Kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo amayamba ndi kukambirana, si kuti ukangofika amanga munthu. Khoti la ana ndi lomaliza.

Achimwene, ngati vuto ndi sukulu yomwe ankapitayo, nenani, tiwapezere malo kwina, transifa si yovuta. Ngati ndi makope, yunifolomu ndi tindalama ta chitukuko, nenaninso, tilipo ambiri pagulu pano. Ndipo za khanda lija tiganizire limodzi, chifukwa Chisomo akabwerera kusukulu pafunika wina wotsala nalo, apo ayi alamu adzakana ndipo adzakhala ndi chifukwa. Azakhali, inuyo muwaimbire amalume a anawo, inu amakumverani kuposa ine. Muwafunse ngati Loweruka likudzali masana angapezeke, mundiuze ndisanapite kukabwereka mabukuwo kwa ahedi.